Lembani mtengo poyera mayi, nkhondo imeneyi anaimenya kalekale

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene ali ndi shopu ya zovala, nsalu za pabedi ndi ziwiya za kukhitchini. Mwana wawo akuwauza kuti kutsatsa malonda mu nyuzipepala nkutaya ndalama, Facebook ndi sitetasi ya WhatsApp zikukwanira, komanso asamalembe mitengo poyera, wofuna kugula azibwera ku inbox. Ndiye mayiwo akufunsa kuti zoona ndi ziti, nanga masitolo akuluakulu akunja aja ankathiriranji ndalama zankhaninkhani mu nyuzi ngati munalibe phindu?

Mayi, funso lanuli ndakhala nalo masiku 5 osayankha. Silovuta ayi, koma lagunda pachilonda, makamaka mbali ya mitengoyo. Mundipirire, ndiyambira kutali.

Bambo anga anali telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe, zaka zoposa 20 akupalasa mashini a Singer pamalo amodzimodzi. Mwini sitolo akamaliza kuwerenga nyuzi ankawaponyera bambo, iwo nkumadulirapo mapatani a kolala ndi manja a malaya, zotsala nkubwera nazo kunyumba. Zina amayi ankakulungira zitumbuwa, zina tinkakutira makope a kusukulu, zina tinkamata kukhoma la pabalaza ndi phala la chinangwa. Ineyo kuwerenga ndinakuphunzirira pakhoma limenelo, ndipo nkhani za ndale sizinkandikhudza, maso anga ankathamangira pomwe pali chithunzi cha nsapato kapena wailesi, pansi pake pali nambala. Nambala imeneyo ndinkaikhulupirira kwambiri. Ndinkadziwa kuti munthu aliyense atapita ndi ndalama imeneyo, kaya wavala suti kaya ali chosavala nsapato, akamupatsa katunduyo.

Chifukwa mu sitolo momwe bambo ankasokera pakhondemo munalibe mtengo wolembedwa pa katundu. Mtengo unali m'mutu mwa mwini wake. Bambo ankanena madzulo tikudya kuti lero ndamva mitengo 3 ya nsalu imodzimodzi. Kalaliki wa mu ofesi wodziwa kunenerera wagula motsika, mayi wa kumudzi amene wabwera ndi ndalama ya fodya itamangidwa pa nsonga ya chitenje wagula modula, ndipo watuluka akuthokoza. Bambo zinkawawawa koma akanatani, khonde ndi la eni. Ndiye tikapita ku PTC kapena ku Kandodo kumene katundu anali ndi kapepala ka mtengo, ine ndinkaona ngati talowa dziko lina.

Nditakula ndi pomwe ndinadzadziwa kuti kapepala kameneko kali ndi mbiri yake, ndipo mbiri yakeyo ndi yolukanalukana ndi ya nyuzipepala.

Ku Ulaya ndi ku America nakonso kale ankanenerera ngati pa msika wa Limbe. Ukalowa mu sitolo wogulitsa ankayamba wakuyang'ana kaye, ndipo kulowa osagula chinali chipongwe. Ku Paris, Aristide Boucicaut atalowa mu bizinesi ya sitolo ya Le Bon Marché mu 1852 anayamba kuchita zosiyana: mtengo umodzi wolembedwa pa katundu, kulowa mwaulere ungoona nkutuluka, ndipo ngati chinthu sichinakusangalatse ukabweze. Ku New York A. T. Stewart anali atatsegula kale chisitolo chake cha miyala ya mabo pa Broadway mu 1846, nayenso wa mtengo umodzi. Awa ndi ena mwa oyambitsa masitolo aja azungu amati department store, ogulitsa chilichonse pansi pa denga limodzi, uku zovala, uku mipando, uku mbale.

Tsono sitolo yotere ili ndi vuto lake. Phindu pa chinthu chimodzi ndi lochepa, ndiye kuti upeze ndalama katundu aziyenda msanga, lero walowa mawa watuluka. Lendi ndi yaikulu, antchito ndi mazanamazana, ndiye pakufunika chikhamu cha anthu tsiku lililonse, osati a m'dera lako okha koma a mzinda wonse. Chikwangwani cha pakhomo sichingaitane munthu amene ali makilomita 10 kutali. Chomwe chinkalowa m'nyumba iliyonse tsiku ndi tsiku nthawi imeneyo chinali chimodzi basi, nyuzi.

Koma nyuzi zenizenizo poyamba sizinkafuna zoterezi. Ma advert a nthawi imeneyo ankaoneka ngati timalonda ting'onoting'ono ta kumasamba akumapeto tija, ta nyumba za lendi ndi magalimoto ogulitsa, tizilembo tofinyika, popanda chithunzi. James Gordon Bennett, mwini wa New York Herald, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840 analamula kuti aliyense azilemba ndi tizilembo tating'ono tofanana, palibe zithunzi, palibe kudumpha mzere wolekanitsa makolamu. Maganizo ake anali oti wolemera asaphimbe wosauka. Munthu wina wochenjera dzina lake Robert Bonner anazemba lamuloli pongobwereza chiganizo chimodzimodzi kambirimbiri mpaka kudzaza malo aakulu, diso la wowerenga nkukodwa basi. Ku Britain kunali koipirapo chifukwa advert iliyonse inkalipira msonkho ku boma, mpaka anauchotsa mu 1853, kenako wa sitampa ya nyuzi mu 1855, wa pepala mu 1861. Misonkho itachoka nyuzi zinatchipa, anthu wamba nkuyamba kugula.

Amene anagumula mpandawo ndi a masitolo, chifukwa ndi amene anali ndi ndalama yolipira tsiku lililonse. Rowland Macy anatsegula sitolo yake ku New York mu 1858 atalephera kangapo kwina, tsiku loyamba anagulitsa madola 11 ndi timasenti tochepa, koma ndalama yambiri ankaibwezera mu nyuzi ndipo ankalemba mitengo yeniyeni. Pofika m'ma 1860 masitolo ngati Macy's ndi Lord & Taylor anali atayamba kugula malo otambalala ndi zilembo zikuluzikulu, eni nyuzi nkungololera, ndalama yabwera pakhomo ungaibweze?

Koma munthu amene ndikufuna mumudziwe mayi ndi John Wanamaker wa ku Philadelphia. Anayamba ndi sitolo ya zovala za abambo yotchedwa Oak Hall mu 1861 pamodzi ndi mlamu wake Nathan Brown. Mu 1874 anatulutsa advert yaikulu yolonjeza zinthu 4: chitsimikizo pa katundu, mtengo umodzi kwa aliyense, kulipira kashi, ndi kubwezeredwa ndalama ngati sunakhutire. Mu 1876 anatsegula Grand Depot m'chinyumba chomwe kale chinali chosungira katundu wa sitima ya pamtunda, ndipo mu 1879 anagula tsamba lathunthu la nyuzi, chinthu chomwe masitolo anali asanazolowere. Anthu ambiri akamanena mbiri imeneyi amaima pa tsamba lathunthulo, ukulu wake, ndalama zake. Ine ndimaona kuti chachikulu chinachitika chaka chotsatira, mu 1880, pomwe analemba ntchito John E. Powers kuti ntchito yake ikhale yolemba mawu a malonda basi, tsiku ndi tsiku.

Powers anali munthu wouma mutu, wosafuna zokometsera. Nthawi imene anzake onse ankalemba kuti katundu wathu ndi wapamwamba kuposa wina aliyense padziko, iye ankalemba ngati akukuuza nkhani pakhonde: lero tili ndi chakuti, chapangidwa ndi nsalu yakuti, mtengo ndi wakuti, vuto lake ndi lakuti. Pali nkhani yotchuka ya mataye, pomwe analemba kuti mataye amenewa si abwino monga akuonekera, koma ndi okwanira kuvala, masenti 25. Anthu anawagula mpaka kutha. Ankakangana ndi akuluakulu a madipatimenti chifukwa akamuuza mwamseri kuti katundu uyu wakhalitsa tikufuna atuluke, iye ankakalemba zomwezo mu nyuzi. Iye ndi Wanamaker sankamvana, mpaka anasiyana mu 1886, koma kalembedwe kake kanatsala. Advert ya sitolo inasanduka nkhani ya tsikulo, azimayi ankatsegula nyuzi kuti aone kuti lero kwa Wanamaker kwabwera chiyani, monga momwe abambo ankaonera za ndale.

Ndiye apa ndi pomwe pali chilonda changa.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito mu sitolo ina ya mipando ndi zipangizo za magetsi, sindiitchula. Poti ndinkatha kulemba ndi kugwiritsa ntchito kompyuta, abwana anandipatsa ntchito yokonza ma advert opita ku nyuzi. Ndinasangalala kwambiri, ndinkaona ngati ndalowa mkati mwa khoma lija la kwathu. Miyezi yoyamba zinali bwino. Kenako kutayandikira Khisimisi abwana anandiitana nkunena kuti tikupanga selo, lemba kuti mitengo yatsika ndi theka. Ndinaona ndi maso anga mitengo ikukwezedwa masabata 2 selo isanayambe kuti poitsitsa ibwerere pomwe inali. Ndinakhala chete. Pakati pa tsambalo anati tiike mashini osokera pamtengo wotsika zedi, woti aliyense akauona adzuke. Ndinafunsa kuti mashiniwo alipo angati, anati 2. Ndinati ndilembe kuti alipo 2 okha? Anati ayi, ukalemba choncho sabwera, akabwera tidzawaonetsa ena odulawo. Ndipo awiri omwewo anali atalonjezedwa kale kwa anthu odziwana nawo.

Ndinalemba. Ndinasankha ndekha zilembo zake, zakuda bii, kuti nambala ioneke patali.

Lolemba lake cha m'ma 10 koloko kunabwera mayi wina wachikulire ndi mwana wake wamkazi, achokera mbali ya ku Balaka, anyamuka usiku. Anamasula nsonga ya chitenje natulutsa kapepala kong'ambidwa mu nyuzi kopindidwa kanayi, ndi ndalama zowerengedwa ndendende, anati anagulitsa mbuzi ndi nandolo kuti mwanayu ayambe kusoka poti sukulu yamukanika fizi. Wogulitsa anandikodola ine kuti ndiwafotokozere poti ndine ndinalemba. Ndinawauza kuti pepani mayi atha, koma alipo ena awa. Anayang'ana mtengo wa enawo, nayang'ananso kapepala kawo, kenako anandiyang'ana ine nkufunsa mofatsa kuti, nanga mwanawe munalemberanji? Sanakalipe. Anapindanso kapepalako bwinobwino nkukabwezera pachitenje, natuluka. Ndalama ya thiransipoti yobwerera anachotsa pa ya mashini yomweyo.

Mwana wa telala, amene ndinakula ndi phokoso la mashini, amene ndimadziwa kuti mashini amodzi amadyetsa banja lonse, ndi amene ndinawaitana anthu amenewa ndi bodza. Usiku umenewo sindinadye. Bambo sindinawauze mpaka anamwalira. Ntchitoyo ndinaisiya patapita miyezi 3, koma funso la mayi aja mpaka lero limandibwerera ndikaona positi ya malonda, ndipo imelo yanu italowa linabweranso.

Ndiye ndinene mosapsatira. Za bwerani ku inbox zija ine ndimadana nazo, ndipo sindigula kwa munthu wotero ngakhale katundu wake akhale wokongola bwanji. Ndi khalidwe lomwe lija la mu sitolo ya pakhonde la bambo, langosamukira pafoni. Kale ankayang'ana nsapato zako asanatchule mtengo, lero akuyang'ana chithunzi cha pa profile, ngati wajambulitsa utatsamira galimoto kapena nambala yako ndi ya ku Joni kapena ku UK mtengo ukukwera. Amene amapwetekeka ndi yemwe uja wamanyazi, wosadziwa kunenerera, woopa kufunsa kenako nkulephera kugula. Ambiri otere safunsa nkomwe, amangodutsa, ndipo wogulitsa sadziwa kuti wataya kasitomala. Mwana wanu akuganiza kuti ndi njira yamakono, koma ndi njira yomwe Boucicaut anaitaya zaka zoposa 170 zapitazo.

Ndikudziwa chomwe amalonda amaopa, sindikunyoza. Kwacha simakhazikika, mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, munthu unaoda katundu pamtengo wina nkukapeza kooda kwasintha. Ena amaopa kuti oyandikana nawo aona mtengo nkutsitsa wawo pang'ono. Koma mnzanu wa shopu yoyandikana mtengo wanu amaudziwa kale, amangotuma mwana kudzafunsa. Amene mukumubisira ndi kasitomala yekha. Za kwachazo mankhwala ake ndi deti, mulembe kuti mtengo uwu ndi wa mpaka Loweruka. Masitolo akale aja ankasintha advert tsiku lililonse pa chifukwa chomwechi, katundu ndi mitengo sizinkaima.

Ndisanaiwale za ku London, poti ambiri mukamva za masitolo otere mumaganiza za kumeneko. Harry Gordon Selfridge anagwira ntchito zaka 25 mu sitolo yaikulu ya Marshall Field ku Chicago, kenako anakatsegula yake pa Oxford Street pa 15 March 1909. Sabata yotsegulira anagula masamba athunthu oposa 100 m'manyuzipepala 18, ojambulidwa ndi akatswiri a zojambula, ndipo ambiri mwa masambawo sankanena za katundu, ankangoitana anthu kuti bwerani mudzaone, simukakamizidwa kugula. Mu July chaka chomwecho Louis Blériot atawoloka nyanja ya pakati pa France ndi England pa ndege, Selfridge anaitenga ndegeyo nkuiika mu sitolo masiku 4, anthu pafupifupi 150,000 anabwera kudzaiona, nyuzi zonse nkulemba mwaulere. Kuyambira 1912 ankalipira kakolamu ka tsiku ndi tsiku mu The Times kosainidwa dzina loti Callisthenes, kokamba maganizo a sitoloyo pa nkhani zosiyanasiyana, ndipo kanayenda mpaka 1939. The Times yomweyo tsamba lake loyamba linali la timalonda mpaka mu May 1966, nkhani zinkayambira mkati. Ngakhale ku Japan, Mitsukoshi pomwe inkasintha kuchoka pa sitolo ya nsalu za kimono kukhala sitolo ya chilichonse, inalengeza kudzera m'manyuzi kumayambiriro kwa 1905. Kulikonse njira inali yomweyo.

Mbali yosakoma ya nkhaniyi

Ndisakunamizeni kuti zonse zinali zoyera, ndingakhalenso ngati abwana anga aja. Nyuzi yogulitsidwa senti imodzi kapena 2 sinkabweza ngakhale ndalama ya pepala ndi inki, nyuzi ya The Sun ya Benjamin Day ku New York inayamba kutuluka pamtengo wa senti imodziwo mu 1833 podalira otsatsa malonda. Ndiye masitolo atakhala olipira wamkulu, anayamba kuumba nyuziyo. Masamba a azimayi, a mafashoni, a zophikaphika anakula kuti advert ipeze pokhala pafupi ndi maso a mayi wa pakhomo. Nyuzi zamadzulo zinalemera chifukwa zinkafika kunyumba nkuwerengedwa ndi wogula mawa. Ndipo wakudyetsa sumutukwana, nkhani ya malipiro ochepa a atsikana ogulitsa m'masitolomo, oima tsiku lonse, mkonzi ankaganiza kawiri asanaitulutse. Nkhawa imeneyi inafika poti mu 1940 ku New York kunabadwa nyuzi yotchedwa PM yomwe inkakana ma advert onse, ndipo amene anaithira ndalama zambiri anali Marshall Field III, mdzukulu wa mwini sitolo wa ku Chicago uja. Inapirira mpaka 1946 pomwe inayamba kulandira malonda, nkutha mu 1948. Ife kuno mphamvu ya wolipira advert tinaiona mu 2010 pomwe boma linaletsa maofesi ake kutsatsa mu The Nation chifukwa cha zomwe inkalemba. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu wolipira wamkulu ndi boma, mabanki, makampani a foni ndi mabungwe, osati masitolo.

China, mawu oti aliyense ndi wolandiridwa sankatanthauza aliyense. Kumwera kwa America munthu wakuda ankatha kugula koma osayesa chovala, osadya mu lesitilanti ya mu sitolomo. Martin Luther King anamangidwa mu October 1960 pa sitolo ya Rich's ku Atlanta chifukwa chokhala pansi pamalo odyera a azungu. Kuno nthawi ya atsamunda agogo anga ankasimba zogulira pawindo la kumbali azungu akulowa pakhomo, ndipo ku Northern Rhodesia m'ma 1950 anthu ananyanyala masitolo ndi mabutchala chifukwa cha mawindo omwewo. Nyuzi yomwe lero ndi Daily Times inayamba mu 1895 ngati Central African Planter, kenako Central African Times, kenako Nyasaland Times, ndipo owerenga ake anali azungu a m'maesiteti ndi a boma. Malonda a m'menemo sankalankhula ndi agogo anga. Mwina nchifukwa chake nkhani ya mtengo umodzi kwa aliyense imandigwira mtima chonchi, kwathu inafika mochedwa, ndiye ndikaona tikuitaya tokha zimandiwawa.

Mmene ukwati wa masitolo ndi nyuzi unathera

Kuti muone mmene masitolo ndi nyuzi ankadalirana, mu 1962 mpaka 1963 antchito a nyuzi za ku New York ananyanyala masiku 114, mzinda wonse wopanda nyuzi zake zikuluzikulu nthawi ya Khisimisi. Masitolo anathamangira ku wailesi ndi TV, ndipo kunyanyala kutatha nyuzi zina sizinadzukenso bwino, Daily Mirror ya kumeneko inatsekedwa chaka chomwecho cha 1963. Anthu anali akusamukira kunja kwa mizinda, kumagula m'mamolo, malo aja okhala ndi mashopu ambiri pamodzi, madzulo nkumaonera TV m'malo mowerenga, nyuzi zamadzulo zinayamba kufa imodziimodzi. Kenako masitolo anayamba kumezana. Mu 2005 kampani ya Federated, mwini wa Macy's, inagula kampani inzake ya masitolo ya May Department Stores, chaka chotsatira mayina akale ngati Marshall Field's anafufutidwa nkukhala Macy's, ndiye mzinda womwe unali ndi masitolo angapo opikisana pa masamba a nyuzi unatsala ndi imodzi. Intaneti inangodzamaliza. Ndalama za ma advert m'manyuzi a ku America zinafika pafupifupi madola 49 biliyoni cha m'ma 2005, pofika 2020 zinali pansi pa 10 biliyoni. Masitolo enieniwo nawonso akutha, amene munakhalako ku Joni mukukumbukira Stuttafords, inayamba ku Cape Town mu 1858 nkutsekedwa mu 2017, Sears ya ku America inalengeza kuti yagwa mu 2018, Debenhams ya ku Britain inatseka masitolo ake omaliza mu 2021.

Ndiye mwana wanu sakulakwa pa zonse, mumuuze kuti pamenepo ndamuvomera. Masitolo aja sankakonda pepala chifukwa ndi pepala, ankatsata komwe kuli maso a ogula, ndipo maso a makasitomala anu lero ali pafoni ndi pa wailesi. Inenso zimandimvetsa chisoni chifukwa ndimakonda nyuzi, ndimagulabe ya Loweruka, ndipo ndikudziwa kuti advert ikachoka mtolankhani ndi amene amagona ndi njala. Koma sindingakuuzeni kuti muchotse mpamba wa shopu kukapulumutsa nyuzipepala.

Tsono yankho lanu mayi ndi ili. Kwa shopu imodzi ya m'tauni, tsamba la nyuzi musagule, mtengo wake ungakugulireni katundu wambiri ndipo owerenga ambiri ali kutali ndi khomo lanu. Pokhapokha ngati mukufuna maoda a masukulu, malodge kapena maofesi, pamenepo kamalo kakang'ono kobwerezedwa masabata angapo kangathandize chifukwa ogula a m'maofesi nyuzi amaiona. Zina zonse pitani pa Facebook, pa sitetasi, ndi wailesi ya m'dera lanu ngati ndalama ilipo. Pali mawu omwe anthu amati ananena Wanamaker, ena amati ndi William Lever wa sopo, akuti theka la ndalama zotsatsira malonda limatayika koma vuto nkudziwa theka lake liti. Inu mukhoza kudziwa, ikani kope pa kauntala, aliyense wogula mumufunse kuti anamva kuti, mulembe, pakutha pa mwezi muwerenge.

Positi iliyonse ikhale ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri, chithunzi chojambulidwa masana cha katundu amene alidi mu shopu osati chotengedwa pa intaneti, mtengo, deti lomwe mtengowo uthere, ndi kuchuluka kwake. Ngati mabulangete atsala 4 lembani 4. Ngati nsalu yake imachucha ikachapidwa koyamba nenani. Katundu akatha fufutani positiyo tsiku lomwelo, musaisiye ikuitanabe anthu. Ndipo wina akadzafika ndi sikirinishoti atakwera minibasi kuchokera kutali, deti lisanadutse, mugulitseni pamtengo womwe munalembawo ngakhale mutaluza pang'ono, ngati chathadi mumuimbire mnzanu wa shopu ina amupezere.

Mwanayo musamulande ntchitoyi, foni amaidziwa kuposa ife, mungomuwerengera nkhani ya mayi a ku Balaka ija. Pakatha mwezi mundilemberenso, ndikufuna ndidzamve zomwe zalembedwa mu kope lija.